Ndikupita ku Joni, koma ndingafunse bwanji njira m'Chingerezi?

Funso: Aphunzitsi, ine ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala ku Bangwe. Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Akulu anga andipezera ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg ndipo ndinyamuka pakatha masabata 6. Iwo amagwira ntchito mpaka Loweruka, ndiye andiuziratu kuti sadzakhala ndi mpata wondiperekeza paliponse. Chingerezi ndimamva pang'ono, koma ndikati ndiyankhule lilime limalemera. Ndiloweze mawu ati kuti ndizitha kutchula malo a m'tauni ndi kufunsa njira?

Yankho: Mayi, ndiyambe n'kukulimbitsani mtima: masabata 6 ndi okwanira, bola tiwagwiritse ntchito pamene pali vuto lenileni. Ndakhala ndikuphunzitsa Chingerezi anthu akuluakulu kwa zaka zambiri, ena mwa iwo a paulendo ngati wanuwu, ndipo pafupifupi onse amabwera ndi pempho limodzimodzi: ndiphunzitseni kafunsidwe. Ine ndimawauza kuti kufunsa si kumene kumasocheretsa munthu. Funso mungaliloweze madzulo amodzi mukudikira nyemba kuti zipse. Chovuta ndi yankho. Mwafunsa bwinobwino, munthu uja wamva, ndiye akuyamba kukhuthula mawu ngati akutsanula chimanga m'thumba, dzanja likuloza uku ndi uko. Inu chifukwa cha ulemu mukungogwedeza mutu, kenako "thank you", n'kunyamuka. Pamphambano yoyamba mwaima chilili, simukudziwa ngati anati mukhote apa kapena patsogolo. Choncho pa masabata 6 amenewa, mafunso muwapatse tsiku limodzi. Masiku ena onsewo ndi ophunzitsa makutu.

Tithane nawo mafunsowo kuti achoke panjira. Muyamba ndi "Excuse me", amene ndi "ndifunse nawo" wathu uja. Samalani apa, chifukwa kwathu kuno "zikomo" amagwira ntchito ziwiri, kupempha ndi kuthokoza, ndiye ena amamuyamba munthu ndi "thank you", munthuyo n'kudabwa kuti akuthokozedwa chiyani. Mukatero, mafunso anayi akukwanirani. "Where is the clinic?" ndiko kuti kiliniki ili pati. "How do I get to Park Station?" ndiko kuti ndiyenda bwanji kuti ndikafike ku Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ndi sitima ku Joni. "Is there a bank near here?" mukafuna kudziwa ngati chinthucho chilipo chapafupi. Ndipo lomwe ine ndimalikonda kuposa onse, "I'm looking for this address", uku mukuonetsa pepala. M'mabuku a kusukulu mumapezeka chiganizo chachitali chija, "Could you please tell me where the clinic is?" N'chaulemu ndithu, koma chili ndi msampha: "is" amathawira kumapeto, ndipo munthu ukakhala ndi mantha umachipiringiza. Chisiyeni kaye. Palibe amene adzakunyozeni chifukwa chofunsa mwachidule, makamaka ngati mwapereka moni ndi kuika "please" kumapeto.

Tsopano yankho. Nkhani yabwino ndi yakuti anthu olozera njira, kaya ndi mlonda kaya ndi loya, amazungulira pa mawu omwewomwewo, osapitirira 30. "Go straight" kapena "carry on straight" ndi kupitirira osakhota. "Turn" ndi kukhota. "Cross" ndi kuwoloka. "Go back" ndi kubwerera. "Go up" ndi "go down" nthawi zina ndi kumtunda ndi kumunsi monga timanenera ife, koma nthawi zambiri amangotanthauza kuti tsatani msewu womwewo kulowera kumene dzanja laloza, ngakhale malowo ali a see. Kenako pali awiri aja amene ali mwini nkhani, "left" ndi "right", kumanzere ndi kumanja. Mwina mukuti awa ndiye ndimawadziwa kuyambira Sitandade 3. Kuwadziwa muli pampando ndi kwina, kuwamva galimoto zikulira malipenga ndi kwinanso. Afunika alowe m'thupi kuti mukangomva "left" phewa la kumanzere lisunthe lokha. Ngati mumalembera dzanja lamanja, gwirani ichi: "write", kulemba, amamveka chimodzimodzi ndi "right". Dzanja lolembera ndi lodyera nsima ndilo "right". Linalo mukatambasula chala chachikulu ndi cholozera, chikhatho chitayang'ana kutsogolo, limapanga chilembo L, ndiye "left".

Pa "right" pomwepa pali minga ya ife a Chichewa. M'chinenero chathu l ndi r sasintha tanthauzo la mawu: wina anene "kulira", wina anene "kulila", tonse timva kuti kuli maliro. M'Chingerezi si choncho. "Right" ndi kumanja, "light" ndi nyali. "Road" ndi msewu, "load" ndi katundu. Ndiye tangoganizani munthu akukuuzani kuti "turn right at the lights", mukhote kumanja pa maloboti. Khutu losazolowera limangomva mawu amodzi atabwerezedwa kawiri. Muyese pagalasi: pa l nsonga ya lilime imagunda kuseri kwa mano akumwamba, pa r lilime limabwerera m'mbuyo osagunda paliponse. Mukatha kuwatchula mosiyana mudzayambanso kuwamva mosiyana. Enanso otere ndi "walk" ndi "work". Wina akati "it's a ten-minute walk" sakukupatsani ganyu, akuti ndi mtunda wa mphindi 10 wapansi.

Pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi pa timawu ting'onoting'ono tosonyeza pamene chinthu chili, chifukwa ndi timeneti timene timanyamula yankho lonse. Apa Chichewa chikuthandizani kuposa mmene mukuganizira. Ife tili ndi pa, ku ndi mu, ndipo mwana wa zaka 4 sazisokoneza: pamsika, kumsika, mumsika. Chingerezi chimagawa mofananako. "At the market" ndi pamsika, "to the market" ndi kumsika ukamapita, "in the market" ndi mumsika. Sizigwirizana nthawi zonse, mwachitsanzo "ali ku Limbe" ndi "she is in Limbe", koma poyambira n'zokwanira. Pamwamba pa zimenezi onjezani awa: "next to" ndi moyandikana, khoma ndi khoma, "behind" ndi kuseri, "in front of" ndi kumaso kwake, "between" ndi pakati pa zinthu ziwiri, "on the corner" ndi pakona. Amene amagwetsa anthu ambiri ndi "opposite". Sindikudziwa chifukwa chake, koma ophunzira anga ambiri amamumva ngati "pafupi". "Opposite the bank" ndiko kuti moyang'anizana ndi banki, tsidya lina la msewu, ndipo muyenera kuwoloka. "Across the road" ndi chimodzimodzi. Munthu akhoza kuzungulira mbali ya bankiyo mpaka thukuta kamukamu pamene chimene akufunacho chikumuyang'ana kutsidya.

Atatu ena oti muwagwiritsitse ndi "before", "after" ndi "past". Munthu wolozera njira amatchula malo ambiri amene si kumene mukupita, ndi zizindikiro chabe, monga mmene kumudzi timanenera kuti mukadutsa pa mjigo mupeza mtengo wa mango, musakhote pamenepo ayi. "Go past the church" ndiko kuti tchalitchicho muchidutse. "Before the bridge" ndi musanafike pa mlatho. "After the bridge" ndi mukawoloka mlatho. "Until you see" ndi mpaka muone. Amene sadziwa timawu timeneti amangotola dzina limene walimva bwino, "church", n'kukaima pa tchalitchi kudikira kuti kiliniki imera pomwepo.

Manambala nawo ali ndi zawo. "First", "second", "third": woyamba, wachiwiri, wachitatu. "Take the second left" sakutanthauza kukhota kawiri, koma kuti msewu woyamba wa kumanzere muusiye, mulowe wachiwiriwo. Pakati pa Johannesburg misewu inadulidwa ngati mizere ya m'munda, yopingasana, ndiye mudzamva mawu akuti "block", amene ndi chigawo cha nyumba kuchoka pa msewu wina kufika pa wotsatira. "Two blocks down" ndiko kuti muyende zigawo ziwiri zotere. Pa nambala ya nyumba kapena mtengo wa ulendo, 13 ndi 30, 15 ndi 50 amamveka mofanana kwambiri. Musachite manyazi kufunsa kuti "one five or five zero?" Eni chinenero nawo amafunsana choncho pafoni. M'nyumba zosanjikizana, pansi penipeni ndi "ground floor", ndipo "first floor" ndi mukakwera kamodzi. M'chikepe batani la pansi limalembedwa G. Ndiponso anthu a ku South Africa akati "just now" musaimirire kudikira, chifukwa akhoza kutanthauza nthawi ina iliyonse lero. "Now now" ndiye posachedwa. Koma apa tisawaseke, ife amene timauza mlendo kuti "ndi pompano" pamene kwatsala mtunda wa ola lathunthu.

Tsono chida chachikulu chimene ndingakupatseni ndi ichi: musachoke pamaso pa munthu musanabwereze zimene wanena. Akamaliza, inu nenani mwachidule uku mukuloza ndi dzanja: "So, straight, second left, opposite the bank?" Ngati mwaphonya adzakukonzani pomwepo, ndipo kachiwiriko anthu amayankhula pang'onopang'ono okha osapemphedwa. Akathamanga kwambiri, "Slowly, please" kapena "Sorry, say it again, please." Zikakanika, "Can you show me?" kapena mupatseni cholembera, "Can you write it down?" Ndipo musayese kusenza njira yonse pamutu. Gwirani makhotedwe awiri oyamba, mukafika pamenepo funsaninso wina. Safunsa anadya phula, koma wofunsa kamodzi n'kunamizira kuti wamva naye amadya lomwelo.

Pali kamsampha kena ka "yes" ndi "no". Wina akakufunsani za Bree, msewu wina wa pakati pa Joni, kuti "You don't know Bree?" mutu wanu wa Chichewa udzati "eee", kutanthauza kuti zoona, sindikukudziwa. Mukati "yes", iye amva kuti mukukudziwa, ndipo apitiriza kulongosola kuyambira pa Bree pomwepo. Njira yozemba ndi kuyankha ndi chiganizo chathunthu: "I don't know it."

Tibwere ku mayina a malo, amene munafunsa. Ambiri muli nawo kale m'kamwa, kungoti anavala zovala za Chichewa: banki, sitolo, sukulu, tchalitchi, polisi, positi ofesi, hotela, siteshoni, laibulale, khoti. Ntchito yanu ndi kuwavula. Ife mawu athu amathera pa a, e, i, o, u, ndipo sitikonda makonsonanti ounjikana, ndiye "school" tinamuika timavawelo mpaka anakhala sukulu. Pobwerera ku Chingerezi dulani mchira uja: osati banki koma "bank", osati basi koma "bus", osati sitiriti koma "street". Mukaiwala n'kunena "banki" ambiri adzamvabe, choncho musataye tulo. Ongowonjezera ndi ochepa: msika ndi "market", mzikiti ndi "mosque", mlatho ndi "bridge", manda ndi "cemetery", bwalo la mpira ndi "stadium", malo ogulitsa nyama ndi "butchery", ophika buledi ndi "bakery".

Oopsa ndi mawu amene timaganiza kuti ndi Chingerezi cha dziko lonse pamene ndi Chingerezi cha kuno kwathu, kapena amene kumeneko amatanthauza zina. Ine zinandionekera ulendo wanga woyamba. Ndinafunsa njira, bambo wina n'kundiuza mokoma mtima kuti "turn left at the garage". Ndinayenda ndikuyang'ana galaja monga timaidziwira ku Ndirande: galimoto zakufa zili pa miyala, anyamata a maovolosi akuda ndi oilo. Ndinadutsa malo omwetsera mafuta kawiri konse, mphunzitsi wa Chingerezi ndi satifiketi yanga m'chikwama. Kumeneko "garage" ndi pamene ife timati pa filling. Chimodzimodzi "stage". Kuno siteji ndi pokwerera minibasi, koma mukafunsa "where is the stage?" kunja, munthu aganiza za nsanja ya oimba ndi a zisudzo. Nenani "bus stop", kapena "taxi rank" ngati mukufuna pamene maminibasi amaimikidwa. Depoti yathu ija ndi "bus station". Kwa iwo "depot" ndi kumene mabasi amagona. Ndipo "taxi" ku Joni ndi minibasi, osati kagalimoto kokwera wekha. Raundabauti amati "circle". Golosale ya m'makwalala amati "spaza" kapena "tuck shop". Chotonthoza n'chakuti "robot" ndi wathu tonse: maloboti a pamsewu kumenekonso ndi "robots". Mukadzapita ku London ndiye mudzasinthe n'kumati "traffic lights", poti kumeneko mukati robot adzayang'ana chidole cha zitsulo.

Liwu lathu lakuti chipatala limanyamula zambiri, ndipo m'Chingerezi limagawika. "Hospital" ndi chachikulu ngati Queens, chogonekera odwala. "Clinic" ndi chaching'ono cha m'dera, kumene mungayambire mukadwala malungo kapena mutu. Mukaona chikwangwani cha "Surgery" pakhomo la kanyumba musaganize kuti akung'amba anthu m'katimo, nthawi zambiri ndi dokotala wolipira amene amaona odwala. Kogula mankhwala ndi "pharmacy" kapena "chemist". Mukafunsa "hospital" pamene mukufuna panado, adzakutumizani ulendo wa mataxi awiri. Za mapasipoti ndi zilolezo zokhalira m'dzikomo ndi ku "Home Affairs". Ofesi ya kazembe wathu, "Malawi High Commission", ili ku Pretoria, ndipo ku Johannesburg kuli "consulate". Mawu awiri amenewa muwalembe. Za zikwangwani, chimene chanamiza anthu ambiri ndi "To Let", chimene chimatanthauza kuti nyumbayo ikufuna wochita lendi. Si "toilet" yoiwalika chilembo ayi. Chimbudzi chenicheni chimalembedwa "Toilets", "Ladies" kwa amayi, "Gents" kwa abambo, ndipo m'nyumba ya abwana mudzamva akuti "bathroom". Komanso nyumba zambiri za mafulati zili ndi mayina othera ndi "Court", ndiye adiresi ikatero musaope kuti akukutumizani kwa majisitireti.

Nanga dzina la malo likakuthawani? Funsani ndi chimene mukufuna kukachita. "Where can I buy airtime?" "Where can I send money?" "Where can I get a taxi to Randburg?" Kachiganizo ka "where can I" kamatsekula zitseko zambiri kuposa mndandanda wa mayina 100, ndipo ine ndikanati ndisankhe chimodzi choti munthu anyamuke nacho, ndikanasankha kameneka.

Ulendo wa basi umadzera ku Mwanza, kulowa Mozambique pa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, mpaka Beitbridge. M'zipata zonsezi mumangotsata anzanu ndi zikwangwani za "Immigration" ndi "Customs", ndipo m'basimo Chichewa chimakhala chili tho. Chingerezi chanu chidzayamba ntchito mukatsika. Funsani akulu anu ndi a basi kuti mudzatsikira pati kwenikweni, poti si mabasi onse amalowa mu Park Station, ena ali ndi malo awoawo chapafupi. Mu siteshoni werengani izi: "Exit" potulukira, "Entrance" polowera, "Arrivals" kofikira, "Departures" konyamukira, "Enquiries" kapena "Information" kofunsira, "Platform" pokwerera.

Mukatuluka mudzakumana ndi chinthu chimene buku la Chingerezi silingakuuzeni: misewu ingapo ya pakati pa mzindawu ili ndi mayina awiri, la pachikwangwani ndi la pakamwa. Bree Street tsopano ndi Lilian Ngoyi, Jeppe Street ndi Rahima Moosa, President Street ndi Helen Joseph, Noord Street ndi Sophie de Bruyn. Amayi anayi amenewa ndi amene anatsogolera ulendo wa amayi zikwizikwi wopita ku Union Buildings, likulu la boma ku Pretoria, pa 9 Ogasiti 1956, kukana malamulo a mapasi. Market Street nayo inasanduka Albertina Sisulu. Koma anthu a mataxi mpaka lero amati Bree, amati Noord. Sizachilendo kwa inu: pa Poly timangoti pa Poly ngakhale pano ndi MUBAS, ndipo achikulire ena msewu wa Masauko Chipembere amautchulabe Kamuzu Highway. Ndiye ngati foni ikuti Lilian Ngoyi pamene munthu akuti Bree, simunasochere. Pa maadiresi mudzaona zidule: St ndi "street", Rd ndi "road", Ave ndi "avenue", Ext ndi "extension", ndipo Cnr ndi "corner". Pakalembedwa Cnr kenako mayina awiri a misewu, ndiye kuti malowo ali pamene misewu iwiriyo yakumana.

Mataxi ali ndi chinenero chawochawo. Marenki ndi angapo, iliyonse ndi madera ake, choncho funso loyamba kwa woyendetsa kapena woimika mizere ndi "Does this taxi go to Randburg?" musanaponde n'komwe. Panjira amaimitsidwa ndi zala: chala cholozera kumwamba ndi kupita m'tauni, choloza pansi ndi ulendo wa m'dera lomwelo. Zizindikiro zina zimasiyana malinga ndi dera, akulu anu akuonetseni za kwanuko. Kondakitala nthawi zambiri kulibe. Ndalama zimayenda dzanja ndi dzanja kupita kutsogolo, ndipo wokhala pambali pa dalaivala ndiye amawerenga ndi kubweza chenji. Masabata oyamba mpando umenewo muupewe. Potsika, kwathu timati "I will drop here", koma kumeneko mudzamva anthu akufuula "after robot!" kutanthauza kuti nditsika tikangodutsa maloboti, kapena "short left!" kutanthauza pa kamsewu ka kumanzere kakubweraka. Fuulani ndithu. Liwu la ulemu la kumpando wakumbuyo dalaivala salimva, ndipo mudzatsikira kutali.

Wofunsa naye ndi wosankha. Pitani kwa munthu amene ali pantchito ndipo sangachokepo: mlonda wa yunifolomu pakhomo la sitolo, mayi wa pa thilu, wothira mafuta pa garage paja. Amenewa amafunsidwa tsiku lonse ndipo deralo amalidziwa. Wokuthamangirani yekha kuti akunyamulireni chikwama kapena akuperekezeni, mukaneni mwaulemu, "No, thank you, I'm fine", osaima. Foni musaitulutse pamsewu pakati pa tauni. Lowani m'sitolo, onani mapu, ibwezeni m'thumba, kenako tulukani ngati munthu wodziwa kumene akupita. Moni musaiwale. Pa ichi anthu akumeneko ali ngati ife, sakondwa ndi munthu wongofikira pa funso. "Hello, how are you?" akwanira, ndipo "Sawubona" wa Chizulu amafewetsa nkhope zambiri. Dzikolo lili ndi zinenero zovomerezeka 12, ndipo ambiri amene mudzawafunse Chingerezi si cha makolo awo, anachiphunzira ngati inu nomwe. Wina akakuyankhani m'Chizulu poganiza kuti ndinu wakwawo, ingonenani kuti "Sorry, English please."

Kuphunzira kwake musadikire Joni, kalasi yanu ndi Blantyre yemweyu. Mukakwera minibasi kuchoka ku Limbe kupita m'tauni, muzinena chamumtima zimene maso akuona: "We are going past the stadium. Chichiri is between Limbe and Blantyre. Queens is at Ginnery Corner. I get off after the Clock Tower." Werengani chikwangwani chilichonse, chimene simukuchidziwa chilembeni m'kakope, mawu 5 patsiku osapitirira. Madzulo jambulani mapu a Bangwe papepala, msika, tchalitchi, chigayo, sukulu, mupatse mwana wa pasukulu kuti akulozereni njira m'Chingerezi inu mukutsata ndi chala. Kenako muuzeni athamangitse mawu, azimeza ena, aziyankhula atatembenukira kumbali, chifukwa ndi mmene anthu enieni amayankhulira. Ngati foni yanu ili ndi Google Maps, itsekuleni pa njira imene mukuidziwa kale, monga ya kumsika, n'kumamvera liwu lija: "turn left", "keep right", "your destination is on the left". Poti njirayo mukuidziwa, tanthauzo lidzalowa lokha. Liwulo limakondanso "head north" ndi anzake, ndiye dziwani kuti "north" ndi kumpoto, "south" kummwera, "east" kum'mawa, "west" kumadzulo, ngakhale munthu wa pamsewu sadzakuuzani zimenezo kawirikawiri.

Mukadzadutsa pa Wenela mukumbukire kuti dzinalo linachokera ku bungwe lija linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni. Azigogo athu ankanyamuka osadziwa ngakhale "left", n'kukaphunzira Chilapalapa, chinenero cha m'migodi, ali komweko. Inu mukupita ndi Fomu 2, foni ndi masabata 6 okonzekera.

Sabata yomaliza, akulu anu akutumizireni pa WhatsApp adiresi yonse ya kumene mukakhale ndi ya kuntchito: nambala ya nyumba, msewu, dera, dzina la renki yokwerera, ndi chizindikiro chapafupi chimene aliyense amachidziwa, kaya ndi mall kaya ndi garage. Muzikopere papepala ndi zilembo zikuluzikulu, mapepala awiri, lina m'chikwama lina m'thumba la chovala, chifukwa foni imatha moto ndiponso imabedwa. Pansi pake lembani nambala ya akulu anuwo, 10111 ya apolisi, ndi 112 imene imaimbidwa pa foni ya m'manja pakagwa zadzidzidzi. Kumapeto kwenikweni lembani chiganizo ichi, ndipo muchiyeseze mokweza mpaka chizituluka chokha: "I am lost. Please help me phone my sister."